Tambala Wachitsulo wa Mayi Dombrowski

Panali munthu wina, Wendell Pruitt dzina lake, m'mudzi wathu uno wa anthu opuma pantchito kuno ku Florida. Bamboyu malamulo ankawadziwa pamtima. Pogula nyumba aliyense amasaina kuti sadzaika zokongoletsa pa kapinga wa kumaso, koma a ku ofesi yoyang'anira mudziwu sayendera makomo. Amabwera pokhapokha wina akadandaula, ndipo wodandaulayo satchulidwa dzina. Basi, a Wendell anapezerapo ntchito. Uyu waika chule wasimenti, foni. Uyu waika kamngelo, foni.

Pangodya ya msewu wawo pankakhala Mayi Marge Dombrowski, amasiye. Pa kapinga wawo panali tambala wachitsulo wofiira psuu, wofika m'chiuno, amene malemu amuna awo anawotcherera ndi manja awo. Tsiku lina a Wendell anaimitsa pomwepo kangolo kawo ka gofu, kagalimoto kakang'ono koyendera m'mudzimu.

"Marge, nkhuku yanuyi ikuphwanya lamulo."

"Yakudyerani chimanga, a Wendell?"

"Ndikunena za lamulo ine."

"Ndimvereni bwino," anatero a Marge. "Tambalayu sindikudzisungira ndekha. Loretta wanu akamachokera koyenda m'mawa amaima apa, kumupatsa moni, ndiye n'kukhotera kwanu. Nyumba zonsezi n'zofanana. Musiyeni."

A Wendell anapsa mtima koopsa. Akazi awo, a Loretta, anali atayamba kuiwalaiwala, ndipo bamboyu ankabisa ngati ndi mlandu. Msewu wonse unkadziwa, kungoti anthu ankakhala chete mwaulemu.

"Mkazi wanga ali bwinobwino! Munthu waphunzitsa sukulu moyo wake wonse, ndiye asowe pakhomo pake chifukwa cha nkhuku?"

Tsiku lomwelo foni inalira ku ofesi. Patapita masiku anabwera mayi wina wa ku ofesi ndi chenjezo. A Marge sanakangane naye, anangokokera tambala wawo m'galaja.

Kutacha a Loretta anavala chipewa chawo chaudzu n'kutuluka monga mwa masiku onse. Khofi amene amuna awo anawatsanulira anazizira pathebulo. Dzuwa linakwera, lija la kuno losaseka ndi munthu. A Loretta osaoneka.

A Wendell anayamba kufunafuna okha, poopa kuti anthu angadziwe. Msewu uliwonse nyumba zoyera, kapinga wometa bwino, wopanda chule, wopanda mngelo, ndendende mmene ankafunira. Iwo eni anakhota molakwika n'kupezeka pamene anadutsa kale. Atafika padziwe paja pali chikwangwani chochenjeza za ng'ona, anaima n'kuyang'ana m'madzimo. Anachita mantha amene sanachitepo chibadwire.

Anakagogoda kwa a Marge.

"Marge, Loretta sanabwerere."

Mayiyu sananene kuti ndinakuuzani, olo pang'ono. Anangokuwira mnansi wake kuseri kwa mpanda:

"Clyde! Siya nyuzipepalayo mdala iwe, bwera ndi zingwe!"

Anamangirira tambala uja padenga la kangolo ka a Marge. Apa ndiye ndimanyadira msewu umenewu, abale. Anthu anatuluka nyumba ndi nyumba, a ndodo, a mawondo oikirira, wina wovala zogonera, ndipo oyamba kuliza tingolo tawo anali omwe aja a Wendell anawachotsetsa achule ndi angelo. Panalibe wofunsa kuti anaimba foni ndani.

Enawo ankayenda akuitana dzina. Koma a Loretta, monga zinadziwika pambuyo pake, ankamva bwinobwino, n'kumabisala chifukwa sankawazindikira anthuwo. A Marge okha sanaitane. Ankangoyenda pang'onopang'ono, tambala ali njo padenga, a Wendell atakhala pambali pawo.

Kuseri kwa dziwe lija, a Loretta anatuluka m'maluwa a eni ake, nsapato imodzi ili m'manja, milomo itauma gwa. Sanayang'ane a Marge. Sanayang'anenso amuna awo. Anayang'ana m'mwamba.

"Iwe tambala, unapita kuti? Ndakufuna m'mawa wonse."

Anawamwetsa madzi, n'kuwakweza. Njira yonse a Loretta anatulutsa dzanja n'kugwira mwendo wa tambalayo kuti asathawenso. A Wendell analira poyera, anthu onse akuona, ndipo Clyde, amene pakamwa pake sipatsekeka, tsiku limenelo anayang'ana kumbali.

Kuyambira pamenepo a Marge m'mawa uliwonse amaimika kangolo kawo polowera magalimoto pakhomo pawo, pangodya pomwe paja, tambala ali padenga. Mayi wa ku ofesi atadutsa n'kuima modabwa, amene anatuluka kukamuyankha anali a Wendell, chifuwa chili patsogolo.

"Lamulo likunena za kapinga, mayi. Za denga la ngolo silinenapo kanthu. Mukawerengenso, ine ndimalidziwa pamtima."

Mayiyo anaseka n'kumapita.

Masiku ano a Loretta sayendanso okha, amuna awo amawatsatira chapatali. Loweruka lililonse mudzawapeza a Wendell ndi kansanza akupukuta tambala uja. Tsiku lina a Loretta anaima n'kuwayang'ana akupukuta, ndipo anati:

"Wendell, pali munthu woipa mtima amene anathamangitsa tambala wangayu. Ukamudziwa umudzudzule."

"Ndimamudzudzula tsiku lililonse, Loretta," anatero a Wendell, osasiya kupukuta.

Phunziro: Musanathamangire kukaneneza mnansi wanu, yambani mwamvetsera zimene akukuuzani. Chimene chikukunyansani pakhomo pake mwina ndi chimene chikubweretsa wokondedwa wanu kunyumba. Ndipo matenda a m'banja musamabisire anthu amene adzadzuke kukuthandizani kufunafuna. Tumizirani ena nkhaniyi, makamaka uja wa mumsewu wanu amene foni yake sipuma.