Phazi la Walipenga

Mnyamatayo analowa m'holo bandi ili pakati poyeserera nyimbo. Anadzera chinthu chimodzi: gitala ya malemu bambo ake. Walipenga, mtsogoleri wa bandiyo, ankafuna kuti Loweruka, pa zoimba zokumbukira malemuwo, gitalayo iikidwe pampando kutsogolo. Kutsogolo! Eni ake ali moyo ankawakhazika kumbuyo, pambali pa ng'oma, ngati katundu woiwalika.

Bandi ya jaziyi anaiyambitsa ndi bambo ake. Walipengayo anamutola akuliza lipenga ngati mbuzi yokodwa m'chingwe, namuphunzitsa ngakhale kapumidwe. Atakhwima, dzina lake linakwera pamwamba pa chikwangwani, la aphunzitsi ake n'kutsikira m'tizilembo tofuna magalasi.

Koma chimene chinkamuwawa kwambiri mnyamatayo chinali phazi. Nyimbo iliyonse Walipenga ankabwerera m'mbuyo, kukaima pamphuno pa mphunzitsi wakeyo, n'kumamenya matabwa a siteji ndi chidendene: di! di! di! Kuwerengera nyimbo munthu amene anakuphunzitsa kuwerenga! Pamaso pa anthu! Bambo ake ankangowerama, zala zikuyenda pa nsambo za gitala, osadandaula ngakhale tsiku limodzi.

Mnyamatayo anatseka bokosi la gitala, nalinyamula. Nyimbo inali ikupitirira, ndipo anaona kuti lero Walipenga waima njo, mapazi ali phee ngati ali m'tchalitchi.

"Bwanji akuluakulu, mwendo wachita dzanzi?" anafuula. Nyimbo inadukira panjira. "Kapena mwasowa womupondereza? Gitalayi simuiona Loweruka. Pampandopo muikepo nsapato yanu, si ndi imene anthu ankaiwombera m'manja?"

Walipenga anangopukuta lipenga lake, maso ali pansi. Anayankha ndi wang'oma, mdala wa imvi amene anayamba bandiyo limodzi ndi malemu.

"Mwanawe, gitalayo tenga, ndi yako. Koma phazilo ulisiye."

"Ndilisiye? Inunso madala munkangoonerera, mnzanu akumusandutsa mwana wa sukulu."

Mdalayo anaika timitengo take pang'oma.

"Bambo ako makutu anatha kalekale, mwanangu. Zolankhula ankangotolera pamilomo, ndipo anatilumbiritsa kuti kunyumba tisakanene. Bandi yonseyi sankaimva. Nyimbo ankaimvera m'matabwa, kuphazi kwawo, uyu akamaponda. Lero uyu apondere ndani?"