Paipi Yachitsulo Pampanda

Wamagetsi anali atamanga kale zogwirira paipi zisanu ndi chimodzi pamene mayi wa panyumbapo anamuuza kuti amasule zonse.

"Mwakweza kwambiri, amisiri. Ndikufuna idutse apa."

Analoza timizere ta choko timene anali atalemba pamapolo achitsulo a mpandawo, kuyambira pakhonde mpaka kugeti. Tonse tinali tolekeza m'chiuno mwa munthu wamkulu.

Ntchitoyo inali yosavuta: kukoka magetsi kuchokera m'nyumba kuti pageti pakhale nyale ndi belu. Pa zaka makumi awiri zimene anagwira ntchitoyi, wamagetsiyo ankadziwa kuti mawaya otere amawakwirira pansi, apo ayi amawadutsitsa m'mwamba momwe dzanja silifika. Anafotokoza zimenezi mwaulemu. Mayiyo anangopukusa mutu. Paipi yapulasitiki imene mmisiriyo anabwera nayo anaikananso. Anali atagula yekha yachitsulo.

Chitsulo pa chitsulo chinzake, pamalo poti aliyense angagwire. Wamagetsiyo anayamba kumasula.

M'nyumba munamveka kapu ikuphwanyika, kenako mawu aukali a mwamuna. "Wasunthanso tebuloli ndani? Ndinanena kuti chiyani ine?"

Mayiyo anadzidzimuka, koma sanalowe. Anangoyang'ana kukhomo, maso ali psuu ngati munthu amene watha masiku osaona tulo.

"Ndi bambo a m'nyumba muno," anatero monong'ona. "Musawauze chimene tikuchita. Adziwa ikatha."

Wamagetsiyo anali atazimitsa swichi yaikulu, bokosi lake n'kulikhoma, kiyi n'kuponya m'thumba. Tsopano anagwira thumbalo kuti atsimikize kuti kiyiyo alimo. Anapala kukamwa kwa paipi iliyonse kuti pasatsale chakuthwa chotema mawaya. Molumikizira monse anamanga zolimba kuti madzi a mvula asapeze polowera. Kenako anatenga waya wobiriwira, naumangirira kupaipi ndi kupolo iliyonse, mpaka kukafika pachitsulo chimene anakhomera m'nthaka.

Mayiyo sanachoke pambuyo pake.

"Munthu atagwira apa magetsi akuyaka, chingamuchitikire n'chiyani?"

"Palibe, mayi. Mawaya ali m'kati, ndiponso ndi okutidwa."

"Nanga manja ali onyowa? Atangochoka kosamba?"

"Palibebe."

"Alibe nsapato, pansi pali chinyontho?"

Wamagetsiyo anayankha osatembenuka. Anati ngakhale waya wamoto atasupuka n'kukhudza paipi, wobiriwirayo amathamangitsira magetsiwo m'nthaka, ndipo swichi imagwa yokha munthu asanaphethire.

"Ndiye wobiriwirayo ataduka?"

Pulayazi inaima m'manja mwa wamagetsiyo. Zaka zingapo m'mbuyomo anaitanidwa panyumba ina pamene wosamalira maluwa anafera pampanda. Wina anali atadutsitsa waya wopanda paipi, dzuwa n'kuumitsa chikopa chake mpaka kung'aluka. Zala za malemuyo anachita kuzikanganula pachitsulo. Fungo la tsiku limenelo silinamuchoke m'mphuno.

"Ataduka ndiye kuti pali ngozi," anayankha pang'onopang'ono.

"Munthu wa mtima wofooka, magetsi ochepa chabe angamuphe?"

"Angamuphe."

Mayiyo anagwedeza mutu, ngati akusunga yankholo pabwino. Anayendetsa chikhatho chake papaipiyo kuchokera papolo ina kufika pa inzake, kenako anaikoka ndi mphamvu zake zonse. Sinagwedere.

Wamagetsiyo anayamba kulingalira. Pepala lotsimikizira kuti ntchitoyi yagwiridwa motsata malamulo lidzakhala ndi dzina lake. Mawa wina akadula waya umodzi wokha ndi mpeni, apolisi adzayamba kugogoda kwa iye. Koma si zimenezo zokha zimene zinkamudya mumtima. Munthu amene ankakalipa m'nyumbamo, kaya ndi wankhanza chotani, anali wamoyo, ndipo samadziwa chimene chinkamangidwa panja pake.

Anaganiza zolongedza zida n'kuthawa. Koma akanachoka, mayiyo akanaitana wina wosafunsa mafunso. Anamaliza ntchitoyo. Waya wobiriwirayo anaubisa m'kapaipi kakekake kuti mpeni usaupeze msanga. Anayatsa magetsi, nayeza polo iliyonse ndi makina ake, katatu katatu. Anayesa dala kulakwitsa, swichi inagwa nthawi yomweyo. Atayatsanso, belu linalira. Nyale inayaka.

Atatero anaimirira, napukuta manja.

"Mayi, ine ndimakonza magetsi, sinditchera misampha. Pano sindichoka ndisanalankhule ndi amuna anu."

Mayiyo anamuyang'ana. Anatembenuka n'kulowa m'nyumba.

Munamveka kukangana kwapansipansi. Mpando unagwa. Mwamunayo anakweza mawu kamodzi, kenako kunangoti zii. Wamagetsiyo anatola sipanala yaikulu osadziwa kuti achita nayo chiyani.

Chitseko chinatseguka. Panatulukira bambo wathupi, wa imvi za apo ndi apo, atavala malaya, mabatani atamanga mosemphanitsa. Anaima pakhonde nkhope itayang'ana kumwamba. Wamagetsiyo anatsegula pakamwa kuti awachenjeze, koma mayiyo anali atagwira kale dzanja la mwamuna wake n'kulisanjika papaipi paja.

"Chiwatsekereni maso matenda a shuga, miyezi inayi tsopano, sanapondepo panja, ati safuna kugwiridwa dzanja ngati mwana," anatero mayiyo kwa wamagetsiyo, misozi ili mbwembwembwe. Kenako anatembenukira kwa mwamunayo. "Tsatirani imeneyi, bambo, ikufikitsani kugeti nokha. Ndawafunsa zonse amisiriwa, singakupwetekeni."