Mpango wa Atija

Mlongo wanga Júlio anali atakwatula mpango wa Atija, mtsikana wachisilamu wothawa nkhondo, akuukupiza pakhomo pa sala yathu yophunziriramo.

"Bwerera kwanu ku Cabo Delgado!" anakuwa. Anzathu onse anafa ndi phwete.

Atija ananjuta m'fumbi, manja onse pamutu, kubisa tsitsi. Abwerere kuti, nyumba yawo anaiotcha?

"Achimwene, chonde, m'bwezereni!" ndinachonderera. Sanandicheukire n'komwe.

Ndinavula chitenje chomwe ndinafunda chifukwa cha chisanu, ndi kumufunditsa kumutu.

"Edite," anatero Júlio, "ukam'manga chimenecho, usadzanditchulenso mlongo wako."

Atija anandigwira pamkono zolimba.

"Usandisiye," ananong'ona.

Ndinamanga mfundo, kenaka ndinamanganso yachiwiri.