Tsiku Lophunzira Mthunzi wa Kabawi

Iyi ndinaimva ndikudikira basi ku Liwonde, imvi zisanandimere.

Padangokhala Nkhuku, yemwe ankanyansidwa poona Bakha akuperekeza ana ake pamzere kusukulu m'mawa uliwonse.

"Achemwali, timakanda tomweti? Anga azipalasa pakhomo pano, sukulu sithawa."

"Lero akukaphunzira mthunzi wa Kabawi," anayankha Bakha.

"Mthunziwo amadya?"

Madzulo mthunzi unadutsa pabwalo. Ana a Bakha analowa kunsi kwa nkhokwe, koma anapiye anangoima, makosi m'mwamba.

"Amayi, taonani chimbalame chokongola!"

Kabawi ananyamula mmodzi. Nkhuku analalata mpaka mawu kusasa: "Aphunzitsi amtundu wanji osabwera kudzatichenjeza pakhomo?"

M'mawa mwake Nkhuku anawaletsanso anapiye otsalawo kupita kusukulu, akuti kunja kwaopsa.

Tandipatsani chipewa changa ndizipita, imandiwawa nthano imeneyi.