Kunja kwa Geti

"Tulukani nonse!" anakuwa Mishaal, mkulu woona za antchito pakampani yomanga nyumba m'dziko lina lachipululu. "Boma likuletsa kugwira ntchito padzuwa masana a chilimwe. Mukufuna mundimangitse?"

"Bwana, tingousako mumthunzi wa nyumba tikumangayi," anachonderera Harka, mmisiri wochokera ku Nepal. "Kunjaku kulibe ngakhale kamtengo."

"Woyendera wa boma akakupezani muno adziwa bwanji kuti mukupuma? Tiyeni uko!"

Geti linatsekedwa. Amuna aja anakhala pamchenga wotentha ngati chiwaya, atafunda malaya kumutu. Posakhalitsa Harka anagwa khu, thovu lili kukamwa.

Anzake anamenya geti mpaka Mishaal anatuluka mu ofesi yake yozizira, tiyi ali m'manja.

"Galimoto, bwana! Munthu akufa kuno!"

"Wagwera mkati kapena kunja?"

"Kunja."

"Amagwira ntchito pomwe amagwapo?"

"Ayi, bwana."

"Ndiye si ngozi ya pantchito imeneyo."

Woyendera uja atafika, analambalala mtembo wa Harka wofunditsidwa matumba a simenti osauzindikira. Analowa, nasuzumira paliponse, koma kunali zii. Woyenderayo anamugwira chanza Mishaal akumwetulira, nati:

"Mabwana onse akanamamvera lamulo ngati inu, bwenzi dzuwali lisakutiphera anthu."