Tsiku Limene Ezeliya Sanatsokomole

Panali munthu wina cha ku Kabudula, a Adamson, mlimi wa fodya wa chikopa amene ankadziona ngati kuchenjera konse kunathera mwa iwo. Akuti izi zinachitikadi, zaka za m'ma 1950 zitangoyamba.

Amishoni atatsegula kasukulu kofolera ndi udzu pafupi ndi mudziwo, mphunzitsi ankayenda khomo ndi khomo kupempha mwana mmodzi pa nyumba iliyonse. A Adamson anali ndi mwana wamkazi, Ezeliya, wa manja achangu posoka fodya. Pakhomopo pankakhalanso Modesta, mwana wamasiye wa waganyu wina amene anachokera kutali n'kumwalirira pantchito. Modesta ankagona kukhitchini ndipo palibe ankamuwerengera.

Akazi awo, a Benedeta, anayesa kuwadandaulira.

"Bambo a Ezeliya, mlekeni mwanayu apite. Akungolemba pansi ndi chala ngati anzake a kusukulu."

"Akapita, fodyayu asoka ndani? Inuyo? Sukulu ya mwana wamkazi ndi khasu ndi mtondo basi."

Mphunzitsi ataonekera poteropo, a Adamson analowetsa Ezeliya m'chigafa mmene ankafukiza fodya, utsi uli tolotolo.

"Ukangotsokomola undiona," anamuopseza.

Kenako anakoka Modesta padzanja.

"Ezeliya wanga ndi ameneyu, aphunzitsi. Mtengeni."

Mphunzitsi analemba kuti Ezeliya Adamson, n'kuthokoza kwambiri. Tsiku lomwelo a Adamson anaseketsa anthu pamowa. "Ndawapatsa madeya, ufa ndatsala nawo!"

Koma Modesta mutu wake unali wakuthwa zoopsa. Masisitere anamutenga kukamuika kusukulu yogonera komweko, kenako anamuphunzitsa uzamba. Dzina lija sanalisinthe, poopa kuti akaulula amubweza kukhitchini. Kumudzi anamuiwala.

Zaka zinapita. Ezeliya anakwatiwa, n'kukhala ndi pakati. Nthawi yake itakwana, mwana sanabwere. Dzuwa linalowa, linatulukanso, zinthu zili chimodzimodzi. Amayi achikulire amene ankamuthandiza anayamba kumuumiriza monga ankachitira masiku amenewo.

"Ulula amuna amene unayenda nawo, mwana atuluke!"

Ezeliya analibe woti amutchule. Ankangolira, mpaka mawu anayamba kuzilala. Apo a Benedeta anatuluka m'nyumbamo maso ali psuu.

"Mangani ng'ombe pangolo. Lero lokha simundiletsa."

A Adamson anathamangira kukhola okha.

Anafika kuchipatala cha mishoni Ezeliya atalefukiratu, ndipo dokotala kunalibe. Mtsikana wina wovala zoyera anathamangira ngoloyo. Anagwira mimba uku ndi uku, n'kuika khutu.

"Mwanayu wagona chopingasa, koma ali moyo. Mayiyu palibe chimene walakwa. Nyamulani msanga!"

A Adamson anatsala pakhonde, chipewa chili m'manja. A Benedeta, amene analowa nawo, ankati akamafotokoza pambuyo pake thupi linkachita tsembwe. Mtsikanayo anaika manja awiri pamimba, n'kumusuntha mwana pang'onopang'ono, akulankhula naye motsitsa, mpaka mutu unaloza pansi. A Benedeta anali asanaonepo munthu akutembenuza mwana amene sakumuona. Pasanapite nthawi, kulira kwa khanda kunamveka mpaka pakhonde.

Sisitere wamkulu anatuluka n'kufunsa mwini wodwala.

"Ndine, amayi. Adamson, wa ku Kabudula."

"Adamson wa ku Kabudula? Ndiye inu ndinu bambo ake a Ezeliya wathu, mzamba uja!"

Anawagwira manja onse awiri, n'kuitana anthu amene anali pamzere.

"Bwerani mudzaone bambo amene anapereka mwana wamkazi kusukulu pamene anzawo ankabisa awo! Lero mwana ameneyo wapulumutsa anthu awiri!"

Amayi anaimba nthungululu. Abambo anavula zipewa. Ulemu wotere a Adamson anali asanaulandirepo chibadwire, ndipo unkawawotcha kuposa chitonzo.

Atawalowetsa, mzamba uja anagwada pamaso pawo.

"Mwandizindikira kodi, bambo? Ndine Modesta."

A Adamson anayang'ana manja a mzambayo. Anali omwe aja ankapala phulusa kukhitchini kwawo. Mantha anawagwira, misozi n'kuyamba kugwa yokha.

Ezeliya anali atamva zonse ali pabedi, khanda lili pachifuwa. Anagwira dzanja la Modesta n'kulitembenuza, akuliyang'anitsitsa.

"Eti dzina langa linafika mpaka kuno, ine ndili m'chigafa?"

Ndiye anacheukira bambo ake, osakwiya, osakweza mawu.

"Abambo, tsiku lija utsi unkanditsamwitsa, koma ndinakumverani. Ndikanangotsokomola."

Phunziro: Mukabisa mwana kuti asapite kusukulu musamati mwapusitsa aphunzitsi, mwabera mwana wanu yemwe, ndipo mwana amene mukumuyesa madeya mwina ndi amene adzapulumutse mudzi wonse. Tumizani nkhaniyi kwa kholo lililonse limene likusunga mwana wamkazi pakhomo anzake ali m'kalasi.