Uthenga wa mwera umene sunafike ku Dwambazi

Panali munthu wina ku Nkhotakota, dzina lake Latifu. Amene anandiuza nkhaniyi akuti ankagwira naye ntchito ofesi imodzi. Latifu ankalemba mapulogalamu a pakompyuta ku kabungwe kena kothandiza asodzi, ndipo ntchito yake yaikulu inali yotumiza mauthenga a pafoni ochenjeza za mwera. Asodzi a ku Malengachanzi, ku Kanyenda mpaka ku Dwambazi analembetsa manambala awo. Anafika pozolowera kuti foni ikalira, bwato lisalowe m'madzi, ikakhala chete ndiye kuti nyanja ili bwino.

Kompyuta ya pa ofesipo inali yakale. Netiweki ikaduka, kompyutayo inkayambiranso kutumiza, moti ena ankalandira uthenga umodzimodzi kambirimbiri. Madandaulo atachuluka, abwana anamuuza Latifu kuti akonze zimenezi nyengo ya mwera isanafike.

Latifu anali atatopa. Magetsi ankazimazima, mwana wake wakhanda ankadwaladwala, iye tulo osaona. Atafufuza pa intaneti anapeza pulogalamu yaulere, ija yomwe aliyense angathe kuitenga, kuwerenga mmene anailembera ndi kuiika mu ntchito yake. Akatswiri amaitcha Bloom filter, koma pa ofesipo ankangoti sefa. Ukaifunsa ngati nambala yakuti yalandira kale uthenga, imayankha msanga ngakhale pa kompyuta yofooka.

Mnzake wa pantchito, Fauzia, anamupeza akuilowetsa.

"Achimwene, mwaiyesa imeneyi?"

"Anthu ambirimbiri akuigwiritsa ntchito. Taonani mmene akuiyamikirira."

"Ine ndawerenga malangizo ake," anatero Fauzia. "Ikati ayi, ndi ayi ndithu. Koma ikati eya, ikutanthauza kuti mwina. Nthawi zina imanena kuti munthu walandira pamene sanalandire. Ndipo mukaidzaza kupitirira mlingo umene munaiikira poyamba, kulakwitsako kumachuluka. Tiyeni tiiyese ndi manambala onse, tione amene angatsale."

"Achemwali, nthawi yake iti? Abwana akuzifuna Lachisanu."

"Bola munthu alandire kawiri kusiyana n'kusalandira konse."

"Tidzaiyesa sabata ya mawa," anatero Latifu akutikita maso.

Anaiyesa ndi mafoni a anthu a mu ofesi momwemo basi. Onse analandira kamodzikamodzi, abwana anasangalala, madandaulo anatha. Mlingo wa sefayo Latifu anausiya waung'ono monga mmene anaupezera, ndipo sanaikonze kuti izifufuta zakale. Sabata ija inadutsa, Fauzia anamukumbutsa, anamukumbutsanso, kenako nayenso anatopa n'kusiya. Asodzi anapitiriza kulembetsa, sefa ija n'kumadzaza.

Ku Dwambazi kunali msodzi wina dzina lake Amiri, amene ankapita panyanja ndi mlamu wake Kalilu. Pa kadoko kawo, nambala yolembetsa inali ya Amiri yekha, ndipo anzake ankamvera kwa iye. Tsiku lina m'mwezi wa Juni, ofesi inatumiza chenjezo la mwera wamphamvu. Kompyuta itafika pa nambala ya Amiri inafunsa sefa, sefa inati walandira kale, kompyuta n'kumudumpha.

M'mawa umenewo Amiri anayang'ana foni yake.

"Palibe kanthu, alamu. Tiyeni."

Mwera unawapeza ali kutali ndi mtunda. Bwato linagubuduzika. Kalilu anakakamira chigubu cha mafuta mpaka asodzi ena anamutola. Amiri anapezeka patapita masiku, ndipo anaikidwa m'manda tsiku lomwelo.

Maliro atatha, Kalilu anabwera ku ofesi ndi mayi ake a Amiri, a Rahila. Sanakuwe, sanatukwane. Anakhala pa benchi, fumbi la ulendo lili m'miyendo.

"Sitinabwere kudzakangana," anatero Kalilu. "Imfa ndi ya Allah. Tingofuna kudziwa. Anzathu a ku Kanyenda analandira uthenga tsiku lija. Ife bwanji?"

Latifu analemba nambala ya Amiri pa kompyuta. Inayankha kuti analandira. Fauzia anatsegula mauthenga amene anatulukadi tsikulo, koma wa Amiri munalibe. Atayang'anitsitsa anapeza kuti amene anadumphidwa sanali Amiri yekha. Analipo ambiri, ndipo zinayamba kalekale. Enawo anangochita mwayi kuti anamva kwa anzawo.

A Rahila sankadziwa za makompyuta, koma ankamva zimene zinkakambidwa.

"Ndiye makina anuwo akuti mwana wanga anauzidwa?"

"Akutero, amayi," anayankha Latifu ndi mawu otsika.

"Nanga inuyo, bambo, mukuti chiyani?"

A Rahila anadikira yankho, anadikira, kenako anakonza mpango wawo n'kuuza Kalilu kuti azipita, minibasi ingawasiye.

Tsiku lomwelo Fauzia anachotsa sefa ija. Palibe amene anamangidwa. Amene anailemba pulogalamuyo sanabise kanthu, zonse zinali m'malangizo ake patsamba loyamba. Koma nkhani inafala m'madoko monse, ndipo asodzi ambiri anasiya kukhulupirira mauthengawo ngakhale atakonzedwa. Latifu anasiya ntchito yekha mwezi usanathe. Pano akuti akukonza mafoni pa Dwangwa, ndipo sakonda kucheza ndi anthu.

Phunziro: Chinthu chaulere cha pa intaneti chikhoza kukhala chabwino koma chosayenera ntchito yanuyo. Musanachikhulupirire, werengani malangizo ake, chiyeseni ndi katundu weniweni amene chidzasenze, ndipo dzifunseni kuti chikalakwitsa avulale ndani. Mnzanu akati tiyeni tiyese kaye, mumvereni ngakhale mwatopa chotani. Tumizani nkhaniyi kwa onse amene amagwira ntchito za makompyuta ndi kwa mabwana awo omwe amawathamangitsa.